MUSANALIPIRE GALIMOTO YA LIWIRO, YAMBANI MWAONA MABULEKI



Madzulo ano tikambe za cinthu cimene anyamata ambiri aciganizira akangolandira bonasi, ndico kugula galimoto yogwirapo kale nchito. Sindinena za galimoto iri yonse iai. Ndinena za magalimoto aja afupi msinkhu, olira mokoma, amene m'Cingelezi awacha sports car, koma ife tingoti magalimoto a liwiro. Ambiri a iwo acokera ku Japan, atsika m'sitima ya pamadzi ku Dar es Salaam, nalowa m'dziko muno pa Nakonde. Mwawaona m'miseu ya Kitwe, Ndola ndi Lusaka: Mazda MX-5, imene ku Japan aicha Roadster, Nissan 350Z, Toyota 86 ndi inzace Subaru BRZ.

Ndapenya kawiri-kawiri m'mene munthu agulira galimoto yotere. Aizungulira, asisita utoto, akhala pa mpando ndi kugwira ciongolero, auza wogulitsa kuti alize injini, ndipo funso lace loyamba ndi lakuti, "Kodi ithamanga bwanji?" Wofunsa kuti, "Kodi iima bwanji?" sindinakomane naye. Komatu inu a ku mgodi mudziwa kuti keji simuiyamikira cifukwa ca kufulumira kwace potsika. Cimene mukhulupirira m'mawa uli wonse ndico cakuti ikafika pa levulo yanu idzaima. Galimoto nayonso iri cimodzi-modzi. Ndipo pa galimoto ya liwiro mabuleki ali ndi nchito inanso kwa wogula: ndiwo mboni. Utoto angaupake usiku umodzi, nambala ya makilomita angaibweze m'mbuyo, koma citsulo cimene cadyeka sicimeranso. Mukadziwa kuciwerenga cidzakuuzani m'mene mwini wace woyamba anali kuyendetsera, ndi ndalama zimene mudzalipira mutagula kale.

Tiyambe tamvetsa nchito ya buleki. Buleki siimeza liwiro, ingolisandutsa kutentha. Galimoto yolemera makilogalamu 1,100, ikuyenda makilomita 100 pa ora, poima itulutsa kutentha kokwanira kuwiritsa madzi ozizira oposa lita imodzi, ndipo izi zicitika m'masekondi atatu kapena anai okha. Taganizani nthawi imene mbaula yanu itenga kuti iwiritse ketulo. Cina cimene ambiri sacidziwa nci: liwiro likaculuka kawiri, kutenthako sikuculuka kawiri, koma kanai. Kuimitsa galimoto pa makilomita 120 ndi nchito ya kanai poyerekeza ndi kuiimitsa pa 60. Cifukwa cace galimoto ya liwiro, ngati mwini wace anaiyendetsa monga inapangidwira, idya mabuleki msanga koposa galimoto yopitira ku msika, ngakhale makilomita ace ali ocepa. Katundu wamkulu agwera mabuleki a kutsogolo, pakuti poima kulemera konse kuthamangira kumeneko.

Kale magalimoto ambiri anali ndi mabuleki a dramu, m'mene zogwira zikankha m'kati mwa citsulo conga mphika. Bvuto la mphika ndi lakuti usunga moto. M'caka ca 1953 galimoto ya Jaguar C-Type, yokhala ndi mabuleki a disiki opangidwa ndi Dunlop, inapambana mpikisano wa maora 24 wa ku Le Mans m'dziko la France, ndipo opanga magalimoto anaona kuti buleki yokhala pa mphepo siitopa msanga. M'caka ca 1956 Triumph TR3 inayamba kugulitsidwa ndi madisiki kutsogolo. Mukapeza yakale monga MGB, imene inatuluka mu 1962, mudzaona disiki kutsogolo ndi dramu kumbuyo. Koma onse aja ndachula poyamba ali ndi disiki pa magudumu onse anai, ndipo ndi za disiki zimene tikamba.

Disiki ndi mbale ya citsulo yozungulira pamodzi ndi gudumu. Mbaleyo iri pakati pa mapadi awiri, ina kunja, ina m'kati. Cogwira mapadi ndi kuwapanitsa pa mbale amakanika acicha kalipa, ngakhale sicinakalipirepo munthu. M'kalipamo muli pisitoni, imene ikankhidwa ndi mafuta a mabuleki inu mukaponda. Mapadi anapangidwa kuti adzitha, monga cidendene ca nsapato. Mbale nayonso ikutha, koma pang'ono-pang'ono.

Tsono pitani kukaona galimotoyo masana, iri yozizira, mutatenga toci, ndiponso makanika wanu-wanu, osati wa wogulitsa. Gwadani pa gudumu la kutsogolo, lowetsani cala pakati pa masipoko, ndi kukanda mbale ndi cikhadabo kucokera pakati kunka kumphepete. Padi siifika kumphepete kweni-kweni, kotero kuti mbale ikamadyeka patsala mlomo wotukuka ngati wa mphika. Mlomo umene cikhadabo cingoumva pang'ono ulibe kanthu. Koma ngati cikhadabo cikodwa ndithu, ndipo mlomowo ufika ngati milimita imodzi, dziwani kuti kuseri kulinso wina wotero, ndiye kuti mbale yataya mamilimita awiri. Pa magalimoto ambiri mamilimita awiriwo ndiwo moyo wace wonse.

Penyaninso nkhope ya mbale. Dzimbiri lopyapyala lofiirira lisakuopseni, cifukwa galimoto yokhala masabata pa doko ndi pa nyanja icita dzimbiri lotere, ndipo licoka mukaponda buleki kangapo. Loipa ndi dzimbiri lokumba maenje ndi losenda makoko. Mizere yakuya ngati ya khasu ikuuzani kuti padi inatheratu nthawi ina, citsulo cinakukuta citsulo. Mawanga obiriwira ngati thambo, kapena odera ngati citsulo cocokera pa moto wa wosula, akuuzani kuti mbale inapsya. Magalimoto ena a liwiro ali ndi mbale zobooledwa timabowo. Zioneka zokongola, koma ming'alu iyambira pa timabowo tomweto. Timing'alu tating'ono kwambiri tipezeka pa mbale zambiri zotere, koma mng'alu ukalumikiza mabowo awiri, kapena ukafika kumphepete, mbaleyo njotaya.

Zonsezi mungazione gudumu liri pomwepo. Koma apa mpamene ndifuna kuti mumvetsetse, abale anga. Cimene muona pakati pa masipoko ndi theka cabe, ndipo kawiri-kawiri ndi theka labwino. Uzani wogulitsa mwaulemu kuti mufuna kucotsa magudumu. Ndi nchito ya theka la ora. Wogulitsa amene alibe cobisa sakana. Wokana wakuyankhani kale.

Cifukwa cace nci. Pa magalimoto ambiri, pamodzi ndi MX-5, kalipa iri ndi pisitoni imodzi yokha, ya m'kati. Pisitoniyo ikakankha padi ya m'kati, kalipa yonse iserereka pa mapini awiri ndi kukoka padi ya kunja. Mapiniwo afuna girizi. Akauma ndi kucita dzimbiri, kalipa siisererekanso, ndipo padi ya m'kati igwira yokha nchito ya awiri. Iyo ikutha kufikira citsulo, pamene ya kunja, imene inu muiona, ikali yonenepa ngati yatsopano. Ine izi ndinaziona ndi maso anga pamene ndinaperekeza alamu anga kukaona galimoto yofiira ya mipando iwiri pa bwalo lina logulitsira magalimoto. Alamuwo anali atagwa nayo m'cikondi, ndalama ziri m'thumba. Mapadi a kunja anali abwino onse anai. Makanika amene tinamtenga atacotsa gudumu la kumbuyo la kumanzere anangoti, "Bwerani mudzaone, acikulire." Padi ya m'kati inali yopyapyala ngati tsamba, ndipo kuseri kwa mbale kunali mizere yokha-yokha. Wogulitsa anati sanadziwe, ndipo mwina anali kunena zoona, pakuti nayenso anali kuona kunja kokha. Makalipa a kumbuyo a MX-5 adziwika ndithu ndi khalidwe limeneli la kuuma, makamaka galimoto ikakhalitsa osayenda.

Ena a 350Z, ndi magalimoto ena a mtengo wapatali, ali ndi makalipa a Brembo, kampani ya ku Italy, okhala ndi mapisitoni mbali zonse ziwiri. Amenewa alibe mapini oserereka, komabe pisitoni imodzi ingathe kuuma, ndipo padi idyeka mopendeka, mbali ina yonenepa, mbali ina yoonda. Cotero yang'anani padi iri yonse kumutu ndi kumcira komwe.

Gudumu litacoka, makanika aike cocirikiza colimba pansi pa galimoto. Musalowetse mutu kapena dzanja pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha. Ndipo pfumbi la mabuleki musalipemerere ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa pampu, koma lipukuteni ndi nsanza yonyowa. Mapadi akale anali ndi asbestos, imene ku Britain inaletsedwa kotheratu mu 1999, ndipo inu simudziwa za mapadi amene anaikidwa m'njira. Za pfumbi lolowa m'cifuwa sindiyenera kuphunzitsa anthu a ku mgodi.

Padi iri ndi zigawo ziwiri: citsulo ca kumsana, ndi mnofu wogwira mbale. Yesani mnofu wokha, citsulo musaciwerengere. Padi yatsopano ya kutsogolo ikhala ndi mnofu wa mamilimita ngati 10. Ukatsala wa mamilimita 3 amakanika abwino asintha. Ku Britain oyesa magalimoto akana galimoto ngati padi yacepera milimita imodzi ndi theka, koma amenewo ndi malire a ngozi, si malire ogulira galimoto. Linganizani kumanja ndi kumanzere: mapadi a magudumu awiri a kutsogolo ayenera kufanana, a kumbuyonso cimodzi-modzi. Kusiyana kwakukulu ndiko cizindikiro cakuti kalipa ina idwala. Ndipo cenjerani ndi mapadi atsopano onyezimira okhala pa mbale ya mlomo waukulu. Pamenepo munthu wagula cochipa kuti cibise codula.

Mbale ifuna kuyesedwa ndi cida, osati ndi maso. Pa mbale iri yonse yabwino wopanga anadinda malire ace, kumphepete kapena pakati pomangira, ndi zilembo zakuti MIN TH, zotsatana ndi nambala ya mamilimita. Pukutani dzimbiri mudzaziona. Mwacitsanzo, pa MX-5 ya mbadwo wacitatu, imene inayamba mu 2005, mbale ya kutsogolo yatsopano ndi ya mamilimita 22, ndipo malire ace ndi 20. Mwaonatu kucepa kwa mpatawo. Cida coyenera ndi maikromita, cifukwa ilumpha mlomo uja ndi kugwira pamene padi ipita. Cida cina cija ca nsagwada zowongoka cikhala pamwamba pa milomo iwiri ndi kukunamizani kuti mbale ikali yatsopano. Ngati muli ndi cimeneco cokha, ikani kobiri mbali iyi ndi kobiri mbali iyo ya mbale, m'kati mwa mlomo, yesani zonse pamodzi, ndi kucotserapo kucindikala kwa makobiri awiriwo. Yesani malo anai kapena asanu kuzungulira mbale. Mbale yoonda siisunga kutentha bwino, ipsya msanga, ndipo ing'aluka msanga.

Muli pomwepo unikani ndi toci mphira zophimba pisitoni ndi mapini. Zong'ambika zilowetsa madzi ndi matope. Zouma ndi zophwanyika ngati makala zikuuzani kuti kalipa inatentha kopitirira. Paipi ya mphira yobweretsa mafuta isakhale ndi ming'alu kapena cotupa, ndipo pasakhale cinyontho pali ponse. Tsatirani ndi maso mapaipi a citsulo opita pansi pa galimoto. Ku Britain ndi kumadera ozizira a Japan athira mcere m'miseu nyengo ya cisanu, ndipo mcerewo udya mapaipi amenewa mwakacetecete.

Tsekulani boneti muone kabotolo ka mafuta a mabuleki. Mafuta atsopano ndi oyera, ofiirira pang'ono ngati mafuta ophikira. Akuda ngati tiyi wopanda mkaka ndi okalamba. Ambiri aganiza kuti mafutawa sakalamba, koma amwa cinyontho ca m'mpweya caka ndi caka. A mtundu wa DOT 4 akali atsopano sawira kufikira madigiri 230, koma atamwa madzi pang'ono angathe kuwira pa madigiri 155. Mafuta akawira asanduka nthunzi, nthunzi ifinyika, ndipo phazi lanu lifika pansi galimoto osaima. Izi sizicitika pa Cairo Road iai. Zicitika potsika mapiri a Manenekela pa mseu wa ku Chipata, kapena pa Kapiringozi popita ku Chirundu, pamene mwaponda buleki nthawi yaitali ndipo muifuna koposa. Ndico cifukwa cace opanga magalimoto ambiri alamula kusintha mafutawa zaka ziwiri ziri zonse. Funsani wogulitsa kuti anasinthidwa liti. Mafuta otsika m'kabotolo asonyeza kuti mapadi atha, kapena kuti pali podontha. Koma odzaza sasonyeza kanthu, pakuti kuthira ndi kwa mphindi imodzi.

Tsopano khalani pa mpando. Injini isanalire pondani buleki kasanu kufikira italimba, gwiritsani phazi pomwepo, ndi kuliza injini. Copondera ciyenera kutsika pang'ono, ndiko kuti cothandizira mphamvu ca buleki ciri moyo. Pitirizani kuponda kwa theka la mphindi. Ngati copondera cinka cimira pang'ono-pang'ono, mafuta azemba pena pace, ndipo galimotoyo siiyenera kutuluka pa cipata. Ngati ciri cofewa ngati buledi, m'mapaipi muli mpweya. Potembenuza kiyi penyani nyali ya ABS ndi nyali yofiira ya mabuleki. Ziyenera kuyaka, kenaka kuzima. Nyali yosazima inena za bvuto. Koma nyali yosayaka konse ndiyo yoopsya kopambana, cifukwa alipo anthu amene aciza galimoto mwa kuzula nyali.

Poyesa pa mseu sankhani mseu wowongoka, wouma, wopanda anthu, ndipo zimitsani wailesi, ngakhale ndikunena ndine. Pa makilomita 50 pondani mofatsa, manja atagwira ciongolero mopepuka. Galimoto iime mowongoka. Ikakokera mbali imodzi, buleki ya mbali inayo njofooka, ngakhale matayala osafanana mpweya acitanso zotero. Kwerani kufika pa 80 kapena 90 ndi kuponda mwapakati. Ciongolero cikanjenjemera, mbale za kutsogolo sizifanana kucindikala kuzungulira. Kunjenjemera kukamveka pa mpando, kawiri-kawiri ndi za kumbuyo. Kenaka, mutaona kuti kumbuyo kulibe galimoto, pondani kamodzi ndi mphamvu zonse. Pa galimoto ya ABS copondera cidzagunda pansi pa phazi, ndipo kumeneko nkoyenera, musaope. Kulira kwa tswii kocokera ku gudumu kungakhale kacitsulo kocenjeza kuti padi yatsala pang'ono. Phokoso lokukuta ndilo citsulo pa citsulo. Imikani pa cikweza ndi kuyesa handibuleki. Pomaliza yendani makilomita angapo osaponda buleki kwambiri, imani, ndi kuyandikiza dzanja pa gudumu liri lonse, koma mbale musaikhudze, idzakusendani khungu. Gudumu limodzi lotentha koposa anzace, lonunkha pfungo la kupsya, liri ndi kalipa yosamasula.

Pali cinanso cimene mabuleki aulula. Ku Japan kuli mabwalo a mpikisano, monga Tsukuba, Fuji ndi Suzuka, amene masiku ena alola anthu wamba kuthamangitsa magalimoto ao. Tsiku limodzi la pa bwalo lotere lingathe kudya mabuleki koposa miyezi yambiri ya m'tauni. Galimoto yotero muidziwa ndi utoto wa kalipa wosandulika, wofiira kukhala wodera, ndi mbale zamawanga, ndi mapadi a mpikisano amene alira ndipo sagwira bwino akali ozizira. Sindinena kuti galimoto yotero njoipa nthawi zonse, pakuti ena a anthu amenewa asamala magalimoto ao koposa ife. Koma injini, kalachi ndi giya zinagwira nchito yomweyo, ndipo mtengo uyenera kubvomereza zimenezo. Momwemonso, galimoto yosonyeza makilomita 25,000 koma mbale zace zafika pa malire, ndi mphira ya copondera yasalala, iri ndi nkhani imene nambala ija siikunena.

Mau amodzi kwa ocepa amene maso ao ali pa Porsche ndi ena a mtundu umenewo. Ena a iwo ali ndi mbale zosakhala za citsulo, koma za carbon ceramic, ndipo pa Porsche kawiri-kawiri muzidziwa ndi makalipa acikasu. Mbale zimenezi sizicita mlomo kapena dzimbiri, cotero cikhadabo canu sicidzakuuzani kanthu. Zikutha mwa kupsya m'kati ndi kupepuka, ndipo zina aziyesa pa sikelo, kulinganiza ndi kulemera kumene wopanga analemba pa mbaleyo, zina ndi makina ace-ace. Zinai za izo mtengo wace ungathe kugula galimoto ina yathunthu. Musagule popanda woziyesa wodziwa.

Mukatha zonsezi, lembani pa pepala zimene mwapeza, ndipo musanabwerere kwa wogulitsa pitani kwa ogulitsa zipangizo mukafunse mitengo. Kumbukirani kuti mbale zisinthidwa ziwiri-ziwiri, kumanja ndi kumanzere pamodzi, ndipo mbale zatsopano zifuna mapadi atsopano. Funsaninso ngati zipangizozo ziripo m'sitolo, cifukwa za Corolla muzipeza pa ngodya iri yonse, koma za 350Z ya Brembo mwina adzaziitanitsa ku Johannesburg kapena ku Japan, galimoto iri cikhalire pa bwalo. Mapadi ndi mbale zakutha si cifukwa cokanira galimoto, koma ndi cifukwa cotsitsira mtengo, ndipo pepala liri m'manja mulankhula ndi nambala, osati ndi mkangano. Copondera comira, mapaipi odyeka ndi dzimbiri, ndi nyali yozulidwa, zimenezo ine ndingazisiye pomwepo.

Ngati mwagula ndi kuika zatsopano, sinthaninso mafuta tsiku lomwelo. Makilomita 200 kapena 300 oyamba pondani mofatsa, kuti padi ndi mbale zizolowerane, ndipo mutaima mwamphamvu musasiye phazi pa buleki mbale iri yotentha, pakuti padi idinda cizindikiro cace pa citsulo, ndipo kunjenjemera kuja kuyambira pamenepo.